Zaka zitatu ndikugona m'boti pa ngalande za ku England: ndemanga yanga

Ndikulipatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu. Imodziyo ndaichotsa chifukwa cha chimbudzi, ndipo nkhani yake ndifotokoza kutsogoloku.

Anzanga ochokera kumudzi amene tili nawo kuno akhala akundifunsa ngati n'zoona kuti kukhala m'boti n'kotchipa kuposa lendi. Yankho lalifupi palibe, ndiye ndangoti ndilembe zonse. Ine ndi namwino, ndimagwira kwambiri mashifiti a usiku kufupi ndi Coventry. Amuna anga amayendetsa galimoto yonyamula katundu. Tinatopa n'kuona malipiro akulowa Lachisanu, Lolemba ali kale m'thumba la landilodi. Mu Seputembala 2022 tinagula boti la mtundu umene kuno amati narrowboat, la chitsulo, lomangidwa mu 2004, ndipo ndi m'mene tikukhala mpaka lero.

M'litali ndi mamita 17, eni ake amati 57 foot, ndiye kuti mapazi 57. M'lifupi ndi mamita awiri n'kachidutswa basi. Ndikaima pakati n'kutambasula manja, zala zimatsala pang'ono kukhudza makoma onse awiri. Kuchepako si kufuna kwa omanga. Ngalande za m'chigawo chapakati cha England zinakumbidwa m'zaka za m'ma 1700, nthawi ya James Brindley, kuti zizinyamula malasha ndi katundu wa m'mafakitale, ndipo ma lock ake, zipinda za madzi zija zokwezera ndi kutsitsira boti pa chitunda, anawamanga mapazi 7 okha m'lifupi. Boti likanenepa kuposa apo silidutsa. Aatali kwambiri amafika mapazi 70 kapena 72, koma tinasankha la 57 chifukwa kumpoto, monga pa Calder and Hebble, ma lock ndi aafupi ndipo lalitali silingalowe. Kunena zoona sitinapiteko kumpotoko, koma mtima umakhala m'malo kudziwa kuti tikhoza.

Boti limene tili nalo silinali loyamba kulikonda. Loyambalo tinalipeza kwa broka wina m'dera la Braunston, kumene ngalande za Oxford ndi Grand Union zimakumana ndipo maboti ogulitsa amakhala mbwee. Linali lobiriwira, penti yonyezimira, khitchini yatsopano, timakatani ta maluwa m'mawindo. Ndinalowa n'kuyamba kale kuganiza pamene ndidzaike ndowa ya ufa. Tinapereka dipoziti tsiku lomwelo, koma mwamwayi tinagwirizana kuti kugula kudalira zimene saveya, katswiri woyeza maboti, adzapeze.

Tsiku loyeza, botilo analitulutsa m'madzi, n'kulitsuka ndi madzi a mphamvu. Saveya anali bambo wachikulire wosayankhulayankhula, ali ndi nyundo, choko, ndi kamakina koyezera kuchindikala kwa chitsulo. Ankapala pang'ono, kugunditsa kamakinako, n'kulemba nambala pa botipo ndi choko. Maboti ambiri a masiku ano amamangidwa ndi chitsulo cha mamilimita 10 pansi, 6 m'mbali, 4 pa chipinda cha pamwamba. Ine ndinkamutsatira pambuyo n'kumawerenga: 5.6, 5.2, 4.1, kenako m'mbali mmene madzi amalekezera ndinaona 3.2, pena 2.9. Anandiitana, nandigwiritsa chala pa timaenje ta dzimbiri tangati nthomba. Anati makampani ambiri a inshuwalansi safuna chitsulo chochepera mamilimita 4, ndipo kuti likhale bwino pafunika kuwotcherera zitsulo zina pamwamba pa zakalezo, ntchito ya mapaundi masauzande angapo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Broka uja anayesa kutinyengerera kuti ndi zazing'ono, maboti onse akale ndi choncho. Tinakana. Dipoziti yathu anatibwezera patapita milungu isanu, ndikuchita kuimba foni tsiku ndi tsiku pa nthawi yopuma kuntchito. Ndalama za saveya ndi zotulutsira boti m'madzi, pafupifupi £900, zinapita osabwerera. Usiku umenewo ndinalira. Lero ndimati pa ndalama zonse zimene ndaononga pa nkhani ya boti, imeneyo ndi imene inagwira ntchito yaikulu.

Boti lachiwiri linali losaoneka bwino. Penti yofwifwa, m'kati mukununkha galu ndi fodya, kapeti yothimbirira. Koma mwini wake, gogo wina amene mawondo anali atayamba kumukanika, anatulutsa chifayilo chodzaza malisiti: chaka chilichonse chimene anapaka phula kunsi, tsiku lililonse limene anasintha oyilo wa injini. Saveya yemwe uja atayeza, nambala yochepetsetsa inali 5.5. Ankafuna £43,000, tinagwirizana £39,000. Dziwani kuti boti lilibe bulu buku ngati galimoto. Umboni woti ndi lanu ndi kalata yogulitsirana ndi mapepala akale amene wogulitsa angakuonetseni, ndiye funsitsani ngati palibe ngongole imene ili pa botilo. Ngongole ya nyumba ya kubanki siigwira pa boti. Ife tinaphatikiza zimene tinasunga ndi loni wamba.

Injini yake ndi Beta Marine ya dizilo, ndipo sinatikhumudwitsepo. Imangofuna oyilo ndi mafyuluta pa nthawi yake. Amuna anga amachita okha atagwada m'kadzenje ka kumbuyo, akutukwana pang'onopang'ono.

Za ndalama zotuluka chaka ndi chaka, laisensi ya Canal & River Trust, bungwe limene linatenga udindo kwa British Waterways mu 2012 ndipo limasamalira ngalande ndi mitsinje ya mamailo pafupifupi 2,000, imatidyera kupitirira £1,000. Kuyambira mu Epulo 2024 maboti opanda malo ake okhazikika oimikapo amalipira kenakake pamwamba, ndipo ife tili m'gulu limenelo. Pali inshuwalansi. Pali satifiketi ya Boat Safety Scheme imene imatha zaka zinayi zilizonse. Woyendera amaona gasi, mawaya, zozimitsira moto ndi alamu ya mpweya wa poizoni uja wa carbon monoxide. Ndiye zaka ziwiri kapena zitatu zilizonse boti lituluke m'madzi likapakidwe phula. Tikawerengera zonse, n'zotsikadi kuposa lendi imene tinkalipira. Koma kusiyanako umakulipira ndi msana.

Apa ndiye pagona nkhani. Tsiku limene ndinauza amayi ku Nkhotakota kuti tagula boti loti tizikhalamo, anakhala chete pa foni, kenako anati, "Iwe, sukulu yonse ija kuti ukakhale msodzi kwa azungu?" Ndinaseka, n'kuwaonetsa pa vidiyo bedi, shawa, ndi mbaula. Anayang'anitsitsa n'kufunsa kuti madzi timawatenga kuti. Ndinati timakatunga. Moto? Timakoleza. Anangoti, "Ndiye wabwerera kumudzi." Sananame.

Madzi timatunga pa mipopi ya m'mbali mwa ngalande, yotsegula ndi kiyi wapadera. Thanki yathu tikaisamala imatifikitsa milungu iwiri. Ndinaphunziranso kusamba monga tinkachitira ndi ndowa: kunyowetsa thupi, kutseka, kupaka sopo, kutsegula. Zochapa zikuluzikulu zimapita ku londile. Kuphika ndi gasi wa m'mabotolo a makilogalamu 13, ndipo nsima imapsa bwinobwino, kungoti nthunzi yake imayenderera m'mawindo onse. Chinyezi ndi mdani wamkulu m'nyumba ya chitsulo. M'chisanu choyamba ndinapeza chuku kunsi kwa matiresi ndi kuseri kwa kabati, nsapato zanga za kutchalitchi zitachita ubweya wobiriwira. Mankhwala ake ndi kusatseka timabowo tolowera mpweya ngakhale kuzizire bwanji, ndi kusalola moto kuzima.

Mbaulayo ndi Morso Squirrel, kachitsulo kakuda kokhala pakona, ndipo pa zonse za m'botimu ndi imene ndingaipatse nyenyezi zisanu popanda kuganiza kawiri. Ukaika malasha opanda utsi madzulo n'kuchepetsa mpweya, m'mawa umapeza makala akadali ofiira. Ndikamachokera ku shifiti ya usiku, mapazi atauma, ndimangotakasa phulusa, kuika ketulo pamwamba, n'kukhala pansi pomwepo. Anthu amafunsa ngati sitimva kuzizira. Kuchipinda chochezera timachita kuvula majuzi. Kuchipinda chogona, kumene kuli kutali ndi mbaula, ndiye ndi dziko lina.

Mu Disembala 2022, tili ndi miyezi itatu yokha, kunazizira kwa masiku oposa sabata ndipo ngalande inaundana. Boti linagwidwa gwa, osasuntha. Abakha ankayenda pamwamba pa madzi ngati pa bwalo. Mpopi wapafupi unaundananso, thanki ili pafupi kutha. Tinkanyamula zigubu za malita 20 kuchokera ku galimoto, mtunda wa mphindi khumi m'kanjira koterera. Ndinayesa kusenza pamutu monga kale, nkhata ndi sikafu, ndipo mayi wina woyendetsa galu anaima n'kufunsa ngati angandijambule. Ndinakana mwaulemu. Usiku madzi oundanawo ankalira akamakhudza chitsulo, phokoso langati munthu akukwekweza lata pansi pa bedi.

Tsopano chimbudzi. Chathu ndi cha kaseti: kathanki ka pulasitiki kamene umakasolola kakadzadza, n'kukanyamula kukakhuthula pa malo otchedwa Elsan. Kwa anthu awiri kamadzadza m'masiku atatu kapena anayi. Tili ndi atatu osinthanitsa. Ine ndi namwino, zonyansa sizindiopsa, koma kunyamula za m'nyumba mwako m'manja, mvula ikugwa, utagwira ntchito maola 12, n'kupeza pokhuthulirapo pali mzere, ndi chinthu chimene sindinachizolowerebe. Ena ali ndi thanki yaikulu yochita kupopa ndi makina, koma imeneyo imafuna kuti boti liyende kukafika kopopera, ndipo madzi akaundana umagwira njakata. Pa ngalande anthu osadziwana akakumana, pasanathe mphindi zisanu amakhala akukambirana za zimbudzi. Poyamba ndinkachita manyazi. Panopa ndimayambitsa ndine.

Magetsi ndi a mabatire. Tinaika masola padenga, ndipo kuyambira Epulo mpaka Seputembala sitiganizako n'komwe. M'chisanu dzuwa la kuno ndi la dzina lokha, ndiye timalizitsa injini kuti mabatire adzaze, koma lamulo silola kuiliza utaima kuyambira 8 koloko usiku mpaka 8 koloko m'mawa. Ayironi ndi ketulo ya magetsi tinapatsa anthu.

Popeza tilibe malo okhazikika, lamulo limati tisakhale pamalo amodzi kupitirira masiku 14, ndipo kusunthako kukhale ulendo weniweni, osati kungopita pa mlatho wotsatira n'kubwerera. Ife timayenda kuchokera ku Braunston, kutsika ma lock atatu a pa Hillmorton, kudutsa Rugby, kufika Hawkesbury Junction, nthawi zina n'kulowa ngalande ya Ashby imene ili ndi mamailo 22 opanda lock ngakhale imodzi, kapena kupitirira mpaka Atherstone. Liwiro lololedwa ndi mamailo anayi pa ola, ndipo podutsa maboti oima umachepetsanso. Munthu woyenda pansi amakupitirira. Chovuta ndi galimoto: ukasuntha boti uyenera kubwerera pa njinga kapena pa basi kukaitenga. Tsiku langa lopuma nthawi zambiri limathera pamenepo. Vuto lina ndi adiresi. Makalata a banki, a kuntchito ndi a viza amafuna nyumba ya nambala, ndiye timagwiritsa ntchito ya achemwali anga a ku Leicester. Ngati mulibe wachibale wotero, ganizirani nkhaniyi musanagule.

Kuyendetsa sikunandivute kwambiri, ngakhale tsiku loyamba ndinagunda mlatho. Chiwongolero ukachikankhira kumanja, boti limapita kumanzere, ndipo mabuleki palibe, umangobweza injini m'mbuyo n'kupemphera. Chimene palibe anandiuza ndi kachitseko ka kumbuyo kofikira pa pulopela. Tsiku lina mu Febuluwale injini inayamba kulira mwachilendo, boti osayenda. Ndinazimitsa, kuchotsa kiyi, kutsegula kachitsekoko, n'kupisa dzanja mpaka paphewa m'madzi akuda ozizira ngati mpeni. Ndinatulutsa majumbo, chingwe cha asodzi, ndi theka la jekete ya munthu. Mkulu wina wa boti loyandikana anandibweretsera ketulo ya madzi otentha kuti ndithire m'menemo dzanja lisafe, nandikumbutsa kumanga kachitsekoko zolimba, chifukwa kukaiwala boti limamira. Safunsa anadya phula. Kuyambira tsiku limenelo ndimafunsa chilichonse.

Mkulu ameneyo ndiye mbali imene sindinaiyembekezere. Zaka zisanu ndinakhala m'fulati, woyandikana naye khomo sindinamudziwe dzina. Pa ngalande aliyense amapereka moni. Ukamamanga chingwe mphepo ikukankha, wina amatuluka kudzagwira nawo osaitanidwa. Pali maboti ogulitsa malasha, dizilo ndi gasi amene amadutsa pa nthawi yake, ndipo ukakhala kuntchito amakusiyira matumba padenga, ndalama n'kutumiza pambuyo, ngati kuhokala ya kwathu kumene amakudziwa. Ifenso ndife odziwika tsopano: boti limene limatuluka fungo la usipa. Awiri mwa anansi athu aphunzira kudya nsima ndi manja, mmodzi amabwera ndi mbale yake.

Ngati muli ndi ana a sukulu, kapena ntchito yanu siikupatsani tsiku lathunthu lopuma pa milungu iwiri iliyonse, musayese moyo woyendayendawu. Funani kaye malo okhazikika ololedwa kukhalamo, ndipo mudzaona kuti ndi osowa komanso odula, makamaka cha ku London. Mukapeza boti lokusangalatsani, saveya akhale wosankha inu, osati wokupatsani wogulitsa, ndipo tsiku loyeza mukhalepo, muone nambala za chokozo ndi maso anu.

Lathuli likutuluka m'madzi mu Epulo kukapakidwa phula kachiwiri chigulireni, ndipo tidzasinthanso timiyala ta chitsulo toteteza ku dzimbiri tija amati ma anode. Ntchitoyo ndi ya sabata yathunthu ndipo pamalopo salola kugona m'boti lili pamtunda, ndiye achemwali ku Leicester ndawauza kale kuti atikonzere pabalaza.