Hollyland Mars 400S Pro pa Likhubula ndi m'minda ya tiyi

Amene munajambulapo filimu kapena vidiyo ya nyimbo mukulidziwa vuto la kuseri kwa kamera. Kasikirini ka pakamera n'kakang'ono, koma aliyense amafuna kusuzumirapo: dayilekita, wophoda ochita sewero, woyang'anira zovala, mpaka mwininyimbo amene watulutsa ndalama. Onse amaunjikana pamsana pa wojambula, kumupumira m'khosi. Kale tinkakoka nthambo yaitali ya HDMI kupita pa sikirini yaikulu, koma nthambo imakodwa m'miyala, ndipo wina akangoiponda imazuka pakamera mukanali mkati mojambula.

N'chifukwa chake pa filimu yathu yaifupi tinahayala ku Blantyre kachipangizo ka Hollyland Mars 400S Pro, kotumiza zithunzi za kamera popanda nthambo. N'timabokosi tiwiri tokwana m'manja, tokhala ndi tinyanga. Kena mumamangirira pamwamba pa kamera kuti kazitumiza zithunzi, kanzake kamalandira n'kuzionetsa pa sikirini ya dayilekita. Tonse tiwiri tili ndi polowetsa nthambo za mitundu iwiri, HDMI ndi SDI, choncho kaya muli ndi kamera yaing'ono kapena zikuluzikulu zija, zimagwirizana. Kampani yake ndi ya ku Shenzhen, ku China, ndipo imanena kuti zithunzi zimafika mamita 120 ngati pakati palibe chotchinga.

Ubwino wake ndinauonera pa Dziwe la Nkhalamba, ku Likhubula ku Mulanje. Wojambula anakwera pamwala woterera pafupi ndi mathithi, poti sipangaime anthu awiri. Ine ndinakhala pamthunzi cha kumtunda, sikirini ili pamwendo. Mtsikana wathu ankayenera kulira mosatulutsa mawu, ndipo kuchokera pomwe ndinakhalapo ndinaona diso lake likuthawira kukamera, kamodzi kokha, msozi usanagwe. Wojambula sanazione chifukwa maganizo ake anali pa phazi lake ndi pa fokasi, kuti chithunzi chisachite chimbuuzi. Ndinangokuwa kuti, "Achemwali, zili bwino kwambiri, koma musatiyang'ane, tibwereze!" Pakanapanda kachipangizoka, cholakwikacho tikanachipeza pa kompyuta titabwerera kale ku Chitakale, dzuwa lija litapita ndipo mtsikanayo atakwera minibasi. Kwa ine zimenezi zokha zinabweza ndalama ya hayala.

M'minda ya tiyi ndiye munalibe n'komwe njira ina. Wojambula ankayenda chafutambuyo pakati pa mizere, kamera ili pa gimbal (chogwirira chothandiza kuti isagwedezeke), ndipo nthambo iliyonse ikanamukoka dzanja.

Koma mamita 120 aja muwamvetse bwino. Kachipangizoka kamagwiritsa ntchito mafunde a 5GHz, ndipo mafunde amenewa sadutsa mwala, kaya chipangizocho ndi cha kampani iti. Ku Likhubula miyala ndi yaikulu ngati nyumba, ndiye wojambula akangotsikira kuseri kwa umodzi, chithunzi chimaima nji. Chimene chinatithandiza ndi kumangirira kolandirako pansungwi yaitali kuti tinyanga tizionana. Mnyamata wina wa pamudzi pomwepo ndi amene anatidulira nsungwiyo, ndipo anaigwira tsiku lonse mosadandaula. Tinamulipira monga wina aliyense wa pagulu.

Pali kachedwedwe pang'ono pakati pa zimene kamera ikuona ndi zimene zikufika pa sikirini, pafupifupi masekondi 0.08 malinga ndi kampaniyo. Kwa dayilekita si kanthu. Kwa munthu wokonza fokasi ali patali, makamaka wosewera akamathamangira kukamera, kachedweko kamamveka m'zala. Ndiye chifukwa chake mafilimu akuluakulu amagwiritsa ntchito makina ena otumizira zithunzi otchedwa Teradek Bolt, imene zithunzi zake zimafika nthawi yomweyo, koma mtengo wake si wa ife ojambula ndi ndalama za m'thumba. Ife fokasi tinaisiya m'manja mwa wojambula.

Chimene chinasangalatsa anzanga ndi foni. Mukaika pulogalamu ya HollyView, mafoni mpaka anayi amatha kuonera limodzi, ndipo sipafunika bandulo chifukwa foni imalumikizana ndi kachipangizoko mwachindunji. Mayi amene amatisungira zovala anagwira okha pa foni yawo kuti chitenje chamangidwa mbali ina kusiyana ndi mmene chinalili dzulo lake. Komabe ndikupempha madayilekita anzanga kuti musapatse aliyense mwayi umenewu. Foni imajambula sikirini yake, ndipo filimu imene mwaikhetsera thukuta ikhoza kuyamba kuzungulira pa WhatsApp musanailumikize n'komwe.

Za mabatire ndiye zinandipweteka mtima. Kachipangizoka kamadya mabatire a NP-F, omwe aja timaika pa malaiti a LED. Amene anatibwereketsa anatipatsa otopa, otupa m'mbali, ndipo anatha dzuwa lisanafike paliwombo. Kuphiri kulibe potchajira, Blantyre nayo ili kutali. Mwayi wake kachipangizoka kamalandiranso moto kudzera pa USB-C, ndiye tinasonkhanitsa ma power bank a gulu lonse n'kuwamata ndi tepi pa tripodi. Musanachoke pamalo ohayalitsa, yatsani chilichonse pamaso pa mwiniwake ndipo batire lililonse muligwire ndi dzanja lanu.

Mkati mwake muli kafani koziziritsa. Pamathithi simungakamve, koma m'nyumba ya zii wojambula mawu adzakuuzani, ndiye mukachepetse. Chiperoni chikatsika m'miyezi yozizira ija, kavundikireni ndi jumbo, koma musatseke timabowo totulukira mpweya.

Kugula kapena kuhayala? Ngati mumajambula maukwati nokhanokha, ndalamayo gulirani maikolofoni yabwino kaye. Ngati muli ndi gulu ndipo wina amatsogolera pamene wina wagwira kamera, hayalani, ndipo muuze mwiniwake aikemo nthambo zazifupi za HDMI zoposa imodzi. Ine ndikufuna ndikakhale nako ku Chonde mu Okutobala pa mwambo wa Mulhako wa Alhomwe, kuti wojambula akalowe pakati pa ovina tchopa ine ndili kunja kwa bwalo.