Malo osewerera magemu pa Kamuzu Road: zipangizo n'zabwino, koma ana akuonera magazi

Loweruka lapitali ndinaperekeza mwana wa mchemwali wanga, mnyamata wa zaka 11, ku malo ena osewerera magemu pa Kamuzu Road kuno ku Salima, chifukwa ndinkafuna kuona ndi maso anga kumene iye ndi anzake amathera ndalama zawo za mandasi. Ndinakhalako maola atatu. Pa nkhani ya zipangizo ndilibe dandaulo: pali makina atatu a PlayStation 4, ma TV akuluakulu, ma pad amene mabatani ake akugwira bwino, ndiponso sola yothandiza magetsi akathima. Mwini malowo ndi munthu waulemu, ndipo amalemba nthawi ya aliyense m'kope kuti ana asakanganirane.

Chimene chinandisowetsa mtendere chinali pa TV yapakati. Ana awiri, amene mwa maonekedwe awo sanapitirire Sitandade 4, ankasewera Mortal Kombat 11. Kumenyana pakokha sikunandidabwitse, popeza nafenso tinakulira m'mavidiyo shoo a karate, koma mu gemu imeneyi wopambana amapatsidwa mwayi womaliza mdani wake pomudula mutu kapena kumung'amba pakati, kwinaku kamera ikuyandikira ndipo chithunzi chikuyenda pang'onopang'ono kuti mafupa ndi magazi zioneke bwino. Amachitcha kuti fatality, ndipo mwana amachita kuloweza ndondomeko ya mabatani kuti achikwanitse. Apa nkhanza yasanduka mphoto ya wopambana, ndipo anzake amamuwombera m'manja nthawi yomweyo.

Mkangano wa gemu imeneyi ndi wakale. Mortal Kombat yoyamba inatuluka mu 1992, ndipo mu 1993 aphungu a Senate ku America anaikambirana chifukwa cha magazi ake, zimene zinachititsa kuti mu 1994 pakhazikitsidwe bungwe la ESRB loika malire a zaka pa magemu. Ku Ulaya ntchito yomweyi imagwiridwa ndi PEGI kuyambira mu 2003, ndipo pachikuto cha gemu pamalembedwa 3, 7, 12, 16 kapena 18. Mortal Kombat 11 ili ndi 18, chimodzimodzinso Grand Theft Auto V ya mu 2013, yomwe ndinaiona ikuseweredwa pa TV ina. Tsoka lake n'lakuti pamalo ano magemu onse anaikidwiratu m'makina, motero palibe chikuto choti kholo liwerenge, ndipo mwana amangosankha chithunzi chimene chamukopa.

Mu Grand Theft Auto V muli gawo limene wosewera amasankha yekha chida chozunzira munthu womangidwa pampando, kuphatikizapo pulaya yozulira dzino. Opanga ena amayesako kusamala: Call of Duty: Modern Warfare 2 ya mu 2009 imachenjeza wosewera za gawo la kuphedwa kwa anthu wamba pabwalo la ndege, ndipo imamulola kulidumpha. Komabe chenjezo lotere limathandiza munthu wamkulu wotha kuliwerenga ndi kuliganizira, osati mwana amene akuthamangitsana ndi mphindi zimene walipira.

Sindikunena kuti ana amenewa adzakhala zigawenga. Mu 2020 bungwe la American Psychological Association linanena kuti palibe umboni wokwanira wakuti magemu achiwawa amachititsa munthu kuchita zachiwawa, ndipo ndikuvomereza zimenezo. Nkhawa yanga ndi yakuti mwana wamng'ono akuzolowera kuseka poona thupi la munthu likung'ambidwa, popanda wamkulu womufotokozera chimene akuona, ngakhale kuti opanga gemuyo ananeneratu kuti si ya msinkhu wake.

Ndinafunsa mwini malowo za Mortal Kombat 11 ndi Grand Theft Auto V kuti, "Achimwene, kodi mukudziwa kuti magemu awiriwa ndi a akuluakulu okhaokha?" Anandiyankha mosabisa kuti, "Bambo, ndikudziwa, koma ana amabwera ndi ndalama zawo, ndipo ndikawakaniza amangopita kwina." Ndikumumvetsa, chifukwa malonda ndi ovuta masiku ano, koma yankho limeneli silinandikhutiritse. PlayStation 4 ili ndi njira yotsekera magemu malinga ndi zaka za wosewera, ndipo kuitchera sikufuna ndalama. Akhozanso kusuntha TV imodzi n'kuika kuseri kwa nsalu kuti ikhale ya akuluakulu, popeza pakali pano ngakhale mwana amene wabwera kudzasewera mpira amaona zonse zochitika pambali pake.

Kwa achinyamata okhwima ndiponso okonda gemu ya mpira ya FIFA, yomwe PEGI inaipatsa 3, malowa ndi abwino ndipo ndingawalimbikitse. Mwana wosakwana zaka 13 sindingamusiyeko yekha, makamaka masana pamene anthu amadzaza. Mnyamata wathu ndinamulola kusewera mpira kawiri, kenako tinagwirizana kuti azipitako m'mawa ndili naye. Mwini malowo analonjeza kuti aganizira zosuntha TV ija, ndipo Loweruka likubwerali ndipitanso kukaona ngati wasuntha.