Grinder ya Makita GA4530, ndaiyesa

Anzanga a welding, ka grinder aka ndakhala nako miyezi ingapo tsopano ndipo sindikunama, kamagwira ntchito. Ndi ka 720W, disiki ya 115mm, kamazungulira ka 11,000 pa mphindi moti weld ya pa geti kaya ma burglar bar imasalala posachedwa, bola osakanikiza kwambiri, lisiyeni liwirolo lidye lokha apo ayi chitsulo chimapsa mpaka kusanduka buluu. N'kopepuka, mkono sutopa. Pa zitsulo zikuluzikulu kamachepa ndithu, pamenepo mpofunika grinder ya disiki ya 230mm.

Koma ma disiki otchipa a pamsika aja ndinasiya, ina inandiphulikira pafupi ndi diso, eeh! Muziona liwiro lolembedwa pa disikipo lisachepere 11,000, ndipo guard ija, kachitsulo kotchinga disiki, chonde musamachotse.