Tinalipira gaidi wotilawitsa zakudya ku Stone Town, mmene zinayendera ndi umu

Ine ndi bambo a ana takhala m'banja zaka 31, ndipo zaka zonsezi munthuyu sindinamuonepo akuika mkamwa chinthu chomwe sakuchidziwa dzina. Tikalowa mu lesitilanti amawerenga menyu yonse mpaka kumapeto, kenako nkuitanitsa zomwezo zomwe anadya dzulo. Ndiye nditawauza kuti ndalipira kale gaidi woti atizungulitse mu Stone Town ku Zanzibar tikulawa zakudya za kumeneko, anangondiyang'ana nkunena kuti "mayi, ndalama ija mwataya m'nyanja." Titangotsika boti ya ku Dar es Salaam, ulendo wa ma ola awiri, mutu ukadali zii ndi mafunde, iwo anali atayamba kale kufunsa ngati hotela ili ndi chakudya chodziwika.

Kampani yake sinditchula, ilipo yambiri ndipo amayenda njira yofananafanana. Gaidi wathu anali mnyamata wa msinkhu wa mwana wathu wachiwiri, anatipeza cha m'ma 3 koloko masana. Poyamba anatitengera ku msika wa Darajani, chinyumba chakale cha mu 1904, mbali ina nsomba mbali ina nyama, kunja kuli zipatso ndi zonunkhiritsa. Fungo la ku nsomba masana ngati amenewo si la masewera ayi, tinadutsamo mothamanga. Koma pa zonunkhiritsa paja tinaima, anatitswanyira karafuu (ma clove pa Chingerezi) m'manja kuti tinunkhize, nkutiuza kuti zilumbazi zinalemera ndi mbewu imeneyi kuyambira nthawi ya Sultan Seyyid Said wa ku Oman, yemwe anasamutsira likulu lake ku Zanzibar, ndipo kuti masiku ano yambiri imachokera ku chilumba cha Pemba. Bambo a ana apa anadzuka, nkhani za mbiri ndi zawo, mafunso mbweee mpaka ine ndinachita kuwakoka malaya.

Chodandaula changa ndichinene pompano chisanandichoke: mnyamatayu amayenda ngati akuthawa mvula. Tinjira ta mu Stone Town ndi topanikiza, tokhotakhota, galimoto silowa koma njinga zamoto zimangotulukira pakona, ndiye iwe wa bondo lovuta ukuyesa kupewa njinga uku gaidi wasowa kale pakona ina. Ndinachita kumuuza kuti mwanawe, ife sitili pa mpikisano. Anapepesa ndithu ndipo anasintha, koma akanayenera kuona yekha kuti anthu awa ndi achikulire. Komanso polembetsa ndinalemba kuti abambo ali ndi shuga, uthengawo sunamufike, anamva kwa ine panjira.

Tinakakhala pa Jaws Corner, kabwalo kakang'ono komwe azibambo amakhala pa mabenchi a miyala omwe amawatcha baraza, akumwa khofi ndi kukamba zandale ndi za mpira. Khofi wake wakuda bii, wopanda shuga, m'tikapu tating'ono topanda chogwirira, ketulo ili pa makala pompo. Amamwera kashata, kaswiti kouma ka mtedza kapena kokonati, umaluma pang'ono kenako nkupsontha khofi wowawayo. Kashata ndinadya ine yense, abambo ananyema kakona kokha. Apa mpomwe ndinaona kuti ndalama ya gaidi ikugwira ntchito, chifukwa patokha ine mzimayi sindikanayerekeza kukhala pakati pa azibambo okhaokha, koma iye anatipatsa moni wake, azibambowo anatisunthira malo, mkulu wina wa ndevu zoyera anafunsa kuti takhala limodzi zaka zingati ndipo atamva anaseka nkutithiriranso kapu yachiwiri.

Tsopano urojo. Aaa urojo inu. Ndi msuzi wachikasu wolemerera, wowawasa ndi mango kapena mandimu, ndiye m'mbalemo amaponyamo mbatatesi yophika, tibhajia tokazinga, dzira, tinyama towotcha pa kamtengo tomwe amati mishkaki, chatine wa kokonati, tsabola, pamwamba nkuwaza tichinangwa tokazinga topyapyala tokhukhutika. Ukaiona koyamba imaoneka ngati munthu wasesa khitchini nkuthira m'mbale imodzi. Tinaitanitsa mbale imodzi masipuni awiri, ndi mmene timachitira ife tikamakayika, kuti chikakanika tisataye ziwiri. Abambo anatenga sipuni yoyamba nkhope itakwinyika, yachiwiri osalankhula, kenako ndinangoona mbale ikusendera mbali yawo pang'onopang'ono. Ndinati "bambo, si inu munkati tataya ndalama?" Iwo amvekere "ndikungofuna ndimve kuti kuwawasaku kukuchokera pati." Anafufuza mpaka pansi pa mbale.

Dzuwa likupendeka tinafika ku Forodhani, paki ya m'mphepete mwa nyanja moyang'anana ndi linga lakale lotchedwa Old Fort. Pakiyi inakonzedwanso ndi bungwe la Aga Khan Trust for Culture nkutsegulidwa mu 2009. Madzulo aliwonse amayala matebulo, kuyatsa nyali ndi mbaula, anyamata akudumphira m'nyanja kuchokera pakhoma, amphaka ali pikitipikiti pansi pa matebulo kudikira zogwa. Malo okongola, komanso malo oti ukapanda nzeru thumba lipepuka. Gaidi anatipatsa malamulo awiri ndipo onse anali oona: funsa mtengo mu ma shilingi usanalole kuti aike kanthu pa moto, ndipo sankha zomwe akuphika iwe ukuona. Zam'nyanja zambiri zoyalidwa mokongola zija zimakhala zophikaphika kale, amangozitenthetsa. Ife tinanyozera kamodzi, abambo analoza kamtengo ka nsomba pa tebulo lina osafunsa, inabwera youma gwa ndipo mtengo wake tinangoyang'anana. Imeneyo inathera kwa amphaka.

Chomwe amati Zanzibar pizza si pitsa yomwe mukuiganizayo. Amatambasula kaufa kopyapyala, kuikapo nyama yogaya, anyezi, dzira laliwisi, kachizi ndi mayonezi, kupinda, nkukazinga pa chiwaya chophwathalala mpaka kufiira, kenako kudula timabokosi. Mafuta ndi ambiri, osanama, usiku ndinaimva pachifuwa. Koma yotentha ndi yokoma, ndipo umaiona ikupangidwa kuyambira pachiyambi. Ndinatsitsira ndi madzi a nzimbe omwe amafinya pamakina a chogudumuza pamodzi ndi jinja ndi ndimu, abambo anangopsontha kamodzi chifukwa cha shuga uja nkupempha tiyi wa zonunkhiritsa wopanda shuga, wa iliki (cardamom pa Chingerezi) ndi sinamoni. Okonda mowa dziwani kuti ku Forodhani kulibe, anthu ambiri pachilumbachi ndi Asilamu, mowa wa Kilimanjaro kapena Serengeti mukaupeza m'mahotela ndi m'mabala ena. Ndipo mukapita mwezi wa Ramadan, masana osamadya poyera mumsewu.

Kodi ndingauze anzanga a msinkhu wathu kuti alipire? Eee, tsiku loyamba, kuti masiku otsalawo muzidziwa poyambira. Koma pemphani gaidi wa inu awiri nokha osati gulu, nenani za matenda pamaso osadalira fomu, valani nsapato zofewa ndipo musadye nkhomaliro. Ma ola anayi tinakhuta mpaka chakudya cha ku hotela sitinachikhudze.

Mawa lake tinabwerera tokha m'tinjira tija, tinasochera kawiri, mapu a pafoni akungozungulira. Tinathera m'kalesitilanti kena ka mabenchi a matabwa, ine ndikuwerengabe menyu ndinangomva abambo akuuza mtsikana woperekera kuti "pweza wa nazi", ndiye kuti chinyama cha m'nyanja cha miyendo 8 chija chophika m'mkaka wa kokonati. Ndinatulutsa foni nkuwajambula, chithunzicho ndinatumizira ana pa WhatsApp, wamkulu anayankha kuti amenewo si adadi.