Anyamata oyala kapinga a ku Chirimba: ntchito amaidziwa, koma konzekerani madzi

Anyamatawa anandiyalira kapinga pabwalo la nyumba yanga ku Chilomoni, ndipo sanachite zothamanga. Anayamba ndi kutipula dothi, kutola miyala, kuthira manyowa owola bwino, kenako kuyala zidutswa za kapinga mothinana ngati njerwa, osasiya mipata. Anati ndizithirira m'mawa ndi madzulo kwa masabata awiri oyamba, ana asapondepo mpaka mizu igwire. Mukakoka pang'ono iye osazuka, ndiye kuti wagwira. Apo mukhoza kuyamba kutchetcha, koma osameta mpaka pansi.

Chomwe sanandiuze n'chakuti dzuwa la Okutobala limamwa madzi kwambiri. Bilu ya madzi inandiwawa, abale, ndipo chiswe chinalowa m'mbali momwe munauma. Aitaneni ndithu, koma cha kumapeto kwa Novembala, mvula ikayamba.