Mahampu, zebra ndi magetsi a sola pa trading yathu: ndikupatsa nyenyezi 3 pa 5

Ntchito yomwe kontrakitala anagwira pamsewu wodutsa pa trading yathu ndikuipatsa nyenyezi 3 pa 5, ndipo zitatuzo zapita kwa mahampu basi, zinazi ayi ndithu. Anaika mahampu awiri akuluakulu, lina pafupi ndi geti ya pulaimale lina kumsika, timahampu ting'onoting'ono totsatizana tija togwedeza galimoto ukamalowa, zebra imodzi, zikwangwani, ndi mapolo a magetsi a sola. Ndalama zake ndi za boma, zomwe ndi zathu zomwe, nde musandiuze zoti tingothokoza poti atichitira chifundo.

Ambiri sadziwa kuti ndalama za misewu zimachoka kuti. Pa lita iliyonse ya petulo kapena dizilo pamakhala kandalama kamsewu komwe kamapita ku Roads Fund Administration, iwo ndi osunga thumba, pomwe a Roads Authority ndi oyang'anira misewu ikuluikulu ngati M1, mabungwe awiriwa anabadwa ndi malamulo a 2006. Kuwonjezera apo pali ma tollgate aja, Chingeni yomwe inayamba mu 2021 ndi Kalinyeke ku Dedza mu 2022. Makhonsolo a mizinda nawo amalandirako za misewu yawo, kwinaku kumidzi timilatho tambiri timamangidwa ndi CDF, thumba la boma la chitukuko cha m'madera a aphungu. Ndiye wakabaza aliyense akathira petulo wa lita imodzi wasonkha kale, kaya akudziwa kaya sakudziwa, ndipo ali ndi ufulu wofunsa kuti penti yapita kuti.

Mahampu aja eeh, amenewo agwira ntchito, bodza ayi. Kale ma truck ndi mabasi akuluakulu amangodutsa fyuu ngakhale tsiku la msika, anthu atayala tomato ndi kaunjika mpaka m'mphepete mwenimweni mwa tala, ndipo aliyense amene amakumbuka zomwe zinachitika pa Kampepuza ku Ntcheu mu 2019, lole italowa mumsika, amadziwa kuti nkhaniyi siyoseketsa. Pano dalaivala afune asafune amaponda buleki. Anawamanga otakata bwino, okwera pang'onopang'ono, osati aja osongoka omwe anthu amangounjika dothi okha mwana akagundidwa. Sienta itadzaza anthu ndi matumba a chimanga imadutsa osakhula pansi bola ayende mwaulemu. Ana a sukulu ndawaona akuwoloka m'mawa atagwirana manja, galimoto zitachepetsa liwiro zokha popanda wa trafiki kuimirira pamenepo, zimenezo kale kunalibe.

Koma penti abale. Penti imene anapaka sinathe ngakhale dzinja limodzi, mvula itangoyamba mizere yoyera ija inayamba kufufutika, pofika nthawi yokolola zebra inatsala mbiri chabe, umachita kuloza kuti paja inali apa. Penti ya pamsewu yeniyeni imakhala yokhuthala, amaipaka yotentha ndipo amawazamo timikanda tagalasi kuti usiku iziwala ikaunikidwa ndi malaiti, iyi inali ngati laimu wopaka pa Khirisimasi. Ndipo vuto lake si kukongola ayi. Hampu yopanda penti usiku ndi msampha, ndi yakuda pa tala wakuda, mlendo amene sakuidziwa njirayi amangoiona ali pomwepo, kenako mumva phuu, ekizozi yakhula, mashoko apita. Wa galimoto amalira ndalama ya gereji koma wa njinga yamoto atanyamula mayi ndi mwana kumbuyo, opanda helemeti onse, ameneyo nkhani yake imathera kuchipatala. Chinthu choikidwa kuti chiteteze anthu chikumagwetsanso anthu, chifukwa chongoumira penti.

Zikwangwani zinalipo zinayi, zatsala ziwiri. Apa kontrakitala sindimunena kwambiri, ndi anthu athu omwe amazula kukagulitsa kwa a zitsulo zakutha kapena kukhoma mbaula. Komabe mwina akanawotcherera mabawuti kapena kuthira konkire yokwanira pansi, chifukwa polo ina mwana wa Standard 5 amatha kuigwedeza ndi dzanja limodzi.

Magetsi a sola poyamba anatisangalatsa zedi, azimayi a zitumbuwa ndi anyamata a chips anayamba kugulitsa mpaka usiku, malo okwerera minibasi anasiya kuopsa. Pano ena amayaka madzulo n'kuzima anthu asanagone, ena anazimiratu, kaya ndi mabatire otchipa kaya fumbi ladzadza pa mapanelo palibe wopukuta. Chondinyansa n'choti polo yomwe ili pa zebra penipeni, yofunika kuposa onse, ndi imene inayamba kufa.

Chinanso chomwe sanaganizire ndi a kabaza. Hampu inathera pomwe tala wathera, nde anyamata a njinga zamoto ngakhalenso ma minibasi ena amangoizemba kudutsa m'mbali mwa dothi, momwe muli anthu oyenda pansi, liwiro lake lomwe lija. Pakanafunika timizati ta konkire m'mbalimo kapena ngalande yomangidwa bwino, zinthu zosadula poyerekeza ndi mapolo a sola. Njira ya oyenda pansi kulibe, malo oima minibasi kulibe, zimangoima pa hampu pomwepo kondakitala akuitanira.

Chikwangwani cha pulojekiti chinalemba dzina la kontrakitala ndi nthawi yogwira ntchito koma mtengo wake osalemba, ndipo palibe nambala yoti munthu ungaimbe kunena kuti getsi lafa. Pa ma kontrakiti a misewu pamakhala nthawi yoti kontrakitala abwerere kudzakonza zolakwika ndi ndalama zake asanalandire zotsala, nde anthu a komiti ya chitukuko kwanuko zikabwera ngati izi funsani kuti nthawiyo ikutha liti, jambulani zithunzi penti ikangoyamba kuchoka, kaperekeni kwa khansala mwa kalata osati pakamwa. Kwathu kuno zinaperekedwa mochedwa, kontrakitala anali atanyamula kale katundu wake. Amene mukudutsa usiku chepetsani liwiro mukangomva timahampu tating'ono tija, lalikulu lili patsogolo pang'ono ndipo silikuoneka.