Manhunt 2 kapena MadWorld: musankhe iti pa Wii?

Magemu onse awiriwa ndi a akuluakulu okhaokha, ndipo onse anautsa mapiri pachigwa. Pa Wii, makina osewerera magemu a kampani ya Nintendo, sumangodina batani: ukagwedeza dzanja, munthu wa pa sikirini amabaya kapena kudula. Apa ndi pomwe manyuzipepala anadandaulira kwambiri.

Manhunt 2 ya kampani ya Rockstar inatuluka mu 2007. MadWorld ya kampani ya Sega inatuluka mu 2009.

Msinkhu: bungwe la ESRB, loika malire a msinkhu pa magemu ku America, linayamba laipatsa Manhunt 2 chizindikiro cha AO (akuluakulu okhaokha), ndipo bungwe longa lomwelo ku Britain, BBFC, linaikana. Rockstar inachita kuphimba zithunzi za kupha kuti ipeze chizindikiro chocheperapo cha M (zaka 17 kupita m'tsogolo). MadWorld inalandira M ku America ndi 18 (zaka 18 kupita m'tsogolo) ku Britain popanda mlandu wotere, ngakhale gulu la Mediawatch-UK, lotsutsa zachiwawa pa kanema ku Britain, linaidzudzula.

Maonekedwe: Manhunt 2 ndi ya mdima, yozemberana mwakachetechete, ndipo imasiya mtima uli thithithi. MadWorld ndi yakuda ndi yoyera ngati katuni, magazi okha ndiwo ofiira, chiwawa chake n'chonyanyira mpaka kuseketsa.

Wokonda zoopsa atenge Manhunt 2. Wofuna phokoso ndi nthabwala atenge MadWorld, ine ndimakonda imeneyi. Pamene pali ana, zonse ziwiri zibisidwe.